Mtsuko wa pa Ngamila Yogwada

Farafra, 9 Novembala 2009

Widad, mwana wanga,

Munthu amene anandiwonongera dzina ndi Shaban, mwana wa Abdel Sabur, mng'ono wanga wa bere limodzi, bambo ako. Ndayamba ndi zimenezi kuti usadzanene kuti ndinakubisira. Tsopano landira moni. Mtendere ukhale nawe, ndi mwamuna wako amene sindimudziwa, ndi amayi ako amene sanandilakwire kanthu. Ine ndilipo. Mawondo ndiwo akukana, ndipo khutu lamanzere linatseka kalekale, choncho usamandiimbire pa lamya ya Gaber, mkamwini wanga. Ndimangomva ngati mavu ali m'botolo. Uzilemba. Kwa shehe ndinakhalako zaka ziwiri zokha, koma zilembo ndimazilondola ngati mapazi a ngamila, pang'onopang'ono mpaka ndifike.

Kalata yako yabwera ndi woyendetsa basi. Ukuti ukufuna kudzaona miyala yoyera imene waiona pa kalendala ya kusukulu kumene umaphunzitsa, ndipo bambo ako akuti palibe woidziwa kuposa ine. Ngati ananenadi zimenezo, amanyoza. Ukafunsa mwana aliyense muno kuti kwa a Mahrus ndi kuti, angokuyang'ana kukamwa. Ukafunsa kuti kwa Wosochera ndi kuti, akugwira dzanja mpaka pakhomo panga. Dzina limenelo ndalisenza zaka 48, ndipo anandisenzetsa ndi bambo ako.

Tamvera. Munali mu 1961, mwezi wa mphepo yotentha, msewu wa phula usanabwere. Bambo athu anali atangomwalira, natisiyira ngamila zisanu ndi njira ya ku Bahariya. Ine ndinali ndi zaka 24, Shaban 17. Tinakagulitsa azitona, ndipo pobwerera tinasenza shuga, tiyi ndi nsalu za ukwati wa mlongo wathu Sabah. Titapitirira kasupe womaliza, Hamama, ngamila yanga yaikazi, anang'ambika phazi pa miyala yakuda. Phazi la ngamila timalisokerera chigamba cha chikopa, koma imafuna kupuma tsiku ndi theka, ndipo ikadzuka sisenza kanthu. Ukwati unali Lachinayi. Ndinamuuza Shaban kuti, "Tsogola ndi zinayizi. Ine nditsala ndi thumba limodzi la madzi, londifikitsa pa Ngamila Yogwada. Pamenepo ukandikwiririre mtsuko umodzi mumthunzi, monga ankachitira bambo." Iye anati, "Musade nkhawa, achimwene."

Ngamila Yogwada ndi mwala. Pakati pa miyala yonse ija ya njereza imene mphepo inaisema, ina ngati bowa, ina ngati nkhuku, pali umodzi wonga ngamila itagwada, khosi kolowera dzuwa, mchira kotulukira dzuwa. Ulendo uliwonse bambo ankatifikitsa pamenepo dzuwa litapendeka. Tinkaswali mumthunzi wa kumchira, kumwa tiyi pomwepo, ndipo m'mbuyo mukatsala munthu, ankamukwiririra mtsuko pomwepo, wotseka ndi dongo ndi ulusi wa kanjedza. Madzi otero amakhala ozizira sabata yathunthu.

Ndinafika dzuwa litapendeka, thumba litauma kale. Ndinakumba. Ndinakumba mthunzi wonse, kuyambira pa mwala mpaka pothera pake, zikhadabo ziwiri zinazuka. Munalibe kanthu. Hamama ankangondiyang'ana. Kuyenda naye motsimphina chomwecho kukanatipha tonse awiri, ndiye ndinamumasula chingwe ndi kumusiya. Anthu ananditola m'mphepete mwa minda lilime litatupa, ng'oma za ukwati zikulira. Hamama anamupeza patapita masiku asanu, atafera kutali pakati pa miyala ina, chifukwa anayesa kundilondola. Mphepo inali itafufuta mapazi onse.

Mawa lake, pamaso pa amuna onse a muno, ndinamufunsa bambo ako. Anati, "Ndinakwirira mumthunzi. Tinanyamuka ndi mitsuko inayi, ndafika ndi itatu, werengani nokha. Kapena achimwene anaphonya mwala." Kuphonya mwala wa bambo anga, ine! Ndinamumenya pakamwa. Anachoka ndi ulendo wotsatira ndipo sanabwererenso, ngakhale pa maliro a amayi.

Ndani angapereke katundu wake kwa munthu wophonya mwala ndi kutaya ngamila? Zinayi zotsala ndinagulitsa. Ndakalambira m'munda wa kanjedza. Lero boma linati miyala ija ndi paki, alendo akubwera ndi magalimoto kudzajambula, ndipo anzanga amene sankadziwa kumanga mfundo ya chingwe akutchedwa akatswiri a chipululu. Ine sindinapondekonso kuyambira tsiku lija.

Iwe bwera, nyumba ndi yako. Gaber ali ndi galimoto ya mumchenga, akakuonetsa. Koma bambo ako uwauze kuti ndikufuna chinthu chimodzi: abwere, aimirire pakhomo la mzikiti Lachisanu, anene kuti mtsuko sanausiye. Kaya anamwa, kaya anauswa n'kuchita mantha, anene. Akanena, ndifa bwino.

Ngati kwanuko kuli mafuta opaka mawondo, unditumizireko.

Bambo ako aakulu,
Mahrus


Shubra, Cairo, 2 Disembala 2009

Bambo aakulu okondedwa,

Mtendere ukhale nanu, ndi mwana wanu achemwali Hoda, ndi amuna awo a Gaber. Kuno tili bwino, chikondwerero cha nsembe chadutsa mwamtendere. Mwamuna wanga amene simumudziwa dzina lake ndi Nagi, amakonza mafiriji, ndipo akuti ndikupatseni moni wa manja awiri.

Kalata yanu ndinawawerengera bambo. Sakanatha kuwerenga okha, matenda a shuga anawaphimba maso, amangoona ngati munthu ali m'chifunga. Nditangowerenga mzere woyamba anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ndi iwowo! Munthu wina aliyense amayamba ndi moni." Koma nditafika pa Hamama anasiya kuseka. Anati, "Bwereza pamenepo." Ndinabwereza. Anatembenukira kuzenera.

Simudziwa za zenera limenelo. Pali kamwala koyera, kakang'ono ngati dzira la nkhunda. Bambo agwira ntchito ya ulonda pa nyumba yosanja ino zaka 35, kukhala pa benchi, kutsegulira anthu chitseko, kuwanyamulira zikwama. Tasamuka zipinda katatu, ndipo ulendo uliwonse kamwalako kamayenda m'thumba lawo la pachifuwa. Ndili mwana ndinakalembera pakhoma ngati choko. Ndi tsiku lokhalo limene bambo anandikalipira mpaka ndinalira.

Za pa mzikiti zija akana. Anati, "Ndikanama pakhomo la nyumba ya Mulungu kuti achimwene agone bwino, ine ndidzagona bwanji? Mtsuko ndinausiya."

Amayi anali kusenda anyezi. Anati, "Nanga bwanji osapita kukawaonetsa pamene munausiya, zaka zonsezi?"

"Munthu wondimenya pakamwa pa ukwati wa mlongo wanga? Ayambe iwo kundiitana."

"Si akuitanani apa?"

"Akundiitana kuti ndikaname."

Amayi anaponya mpeni m'mbale. Anati, "Abulu awiri a khola limodzi. Wina akafa, wotsalayo azikangana ndi khoma."

Bambo aakulu, ine sindinaliko mu 1961, sindingaweruze. Ndikudziwa chabe kuti bambo sanandiuzepo kuti munasochera. Chimene amanena kwa anthu a m'nyumba muno ndi chakuti mkulu wawo ankatha kununkhiza mchenga n'kudziwa kumene kuli kasupe. Sanali kunyoza.

Adokotala akuti awachita opaleshoni ya diso limodzi mu Malichi, ndipo asayende ulendo wautali isanachitike. Ine ndi Nagi tibwera sukulu ikatsekera, kumayambiriro kwa Febuluwale. Ndatumiza mafuta a mawondo ndi mpango waubweya. Mpangowo asankha ndi bambo, pougwiragwira pamsika mpaka wogulitsa anatopa nawo. Mundiuze ngati zafika, ndiponso ngati kumeneko kukuzizira.

Mwana wanu,
Widad


Farafra, 17 Januwale 2010

Widad, mwana wanga,

Mtendere. Ndinali nditanena kale kwa Hoda kuti anthu a ku Cairo atseka pakamwa, choonadi chawawawa. Masabata asanu ndinkapita pamalo oimira basi, anthu mpaka anayamba kundifunsa ngati ndapeza mkazi wa m'kalata. Kenaka dzulo woyendetsa uja akubwera ndi phukusi, akuti linagwera kuseri kwa mpando wake. Ndinamuuza kuti ngamila siinkataya katundu kuseri kwa mpando. Anati ngamila inalibe mpando. Achinyamata a lero ali ndi yankho pa chilichonse.

Mafuta ndalandira, akununkha ngati mankhwala a nkhupakupa, koma akugwira ntchito. Mpango nawo ndauona. Ndi woyera. Bambo ako sakanapeza wofiirira mu Cairo monse? Nsalu yoyera amatumizira munthu amene akumuyembekezera kumanda. Uwauze kuti sindinakonzeke. Hoda akuti munthu wosaona sasankha mtundu, akuti ndikufuna chifukwa. Mwina. Ndauvala chifukwa kukuzizira, osati chifukwa cha iwo.

Za kamwala ka pazenera sindinenapo kanthu. Mwala suyankha mlandu.

Opaleshoni imeneyo ndi yotani? Amachotsa diso n'kulibwezera, kapena amangolipukuta? Adokotalawo ndi munthu wamkulu kapena kamnyamata? Sindikufunsira iwo ayi. Ndikufuna adzathe kuona nkhope za anthu tsiku limene adzaimirire pa mzikiti.

Hoda wapaka kale njereza chipinda chanu kawiri, ndipo nkhunda zimene adzakuphereni akuzidyetsa ngati ana a mfumu. Gaber akuti adzakutengani m'mamawa, mukaone bowa, nkhuku, ndi mwala wina umene iye amauza alendo kuti ndi kalulu. Masiku athu unali bulu wa makutu aatali, koma alendo akuti sajambula abulu. Ine sindidzapita. Usadzandikakamize.

Mubwere ndi zofunda. Mwamuna wako wa mafirijiyo adzadziwa kuti kuno firiji timagonamo.

Mahrus


Shubra, Cairo, 4 Febuluwale 2010

Achimwene,

Ndine Shaban. Dzanja ndi la Widad koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakonzepo kanthu. Mtendere ukhale nanu. Ndamva kuti mawondo akuvuta. Ankavuta bambo, ndiye ndi cholowa chanu. Ine ndinatenga maso a amayi.

Mpango sindinadziwe kuti ndi woyera. Ndinafuna wofewa.

Zaka 48 simunandifunse kuti ndinayenda bwanji. Munangondifunsa ngati ndinasiya, ndinayankha, munandimenya. Lero ndinena, mumve kapena musamve.

Nditakusiyani pa miyala yakuda paja ndinali ndi mantha. Sindinayambe ndayendapo ndekha. Ngamila zinayi, nsalu za Sabah, ndi mawu anu akuti ndisachedwetse ukwati. Pamalo pamene bambo ankagoneka ulendo sindinagone. Ndinangopumitsa ngamila pang'ono n'kupitirira, kuopa kuti ndikagona sindidzuka msanga. Choncho pa Ngamila Yogwada ndinafika dzuwa litangokwera ngati kutalika kwa mkondo. Ndinaudziwa bwino mwalawo, musaganize kuti ndinasokoneza. Ndinasankha mtsuko wabwino kuposa yonse, uja amayi anaudinda zala zitatu pakhosi. Ndinalawa madzi a m'mitsuko inayo, uwu ndiwo unalibe fungo. Ndinakonza chotsekera, ndinakumba mumthunzi mpaka m'chigongono, ndinauika, ndinakwirira. Ndinakhala pomwepo mumthunzimo n'kudya zipatso zitatu za kanjedza, ndipo ndinanyadira. Ndinati achimwene akamwa madzi awa adziwa kuti ndakula.

Mawu aja akuti kapena munaphonya mwala, ndinalakwa kuwanena. Ndinali mwana, amuna onse akundiyang'ana, inu mukunditcha wabodza. Ndinafuna pothawira. Sindinadziwe kuti adzakumatirirani moyo wonse. Ndinamva patapita zaka, kwa munthu wa kwathu amene ndinakumana naye pa sitima, kuti amakutchani Wosochera. Tsiku limenelo sindinadye. Inu simunasocherepo, ngakhale m'mphepo ya mchenga. Zimenezo ndikhoza kuzinena pa mzikiti uliwonse, mokweza.

Koma kuti mtsuko sindinausiye, ayi. Kumene unapita sindikudziwa. Ndaganiza za nkhandwe, ndaganiza za anthu odutsa, ndaganiza mpaka mutu kuwawa.

Mwana wanga mumusunge bwino. Amalankhula kwambiri, anatengera azakhali ake.

Mng'ono wanu,
Shaban


Farafra, 13 Febuluwale 2010

Shaban,

Mtendere ukhale nawe. Ndalemba dzina lako pamwamba pa pepala ndipo dzanja silinagwe. Widad ndamulumbiritsa kuti asakuuze kanthu pa lamya, adzakuwerengere yekha kalatayi, pang'onopang'ono, osadumpha pamene ndakutukwana.

Mwana wako ndi Sabah weniweni. Atangotsika basi anandipsompsona pamutu n'kundipatsa kalata yako. Ndinati sindiwerenga. Anati chabwino, anaibwezera m'chikwama. Sanandikakamize, ndipo zimenezo zinandinyansa kwambiri.

Madzulo ake tikudya nkhunda anamufunsa Gaber ngati adzawafikitse pa Ngamila Yogwada. Gaber anakanda m'mutu. Anati pa kamakina kake kolozera njira pali bowa, pali nkhuku, pali kalulu, koma ngamila palibe.

Ndinati, "Zaka khumi ukutenga alendo, mwala wa agogo a mkazi wako suudziwa?"

Anati, "Bambo, miyala ilipo zikwi. Ndipo mphepo imadya. Mwina unagwa."

Apo mwana wako anati, akunyambita zala, "Asiyeni bambo aakulu, a Gaber. Papita zaka zambiri. Ngakhale iwo sangaupezenso."

Hoda anatsamwa ndi mpunga. Ine ndinadziwa kuti ndi msampha. Ndakola mbalame zambiri ndi msampha wotero. Koma titangoswali m'bandakucha ndinali m'galimoto, mpando wakutsogolo, mpango wako m'khosi.

Shaban, njira imene ndinakwawa tsiku ndi theka, galimoto inaidya tiyi asanazizire m'botolo. Ndinakwiya nazo. Kenaka tinatsika pa phula, ndipo miyala inayamba kutuluka mumchenga. Ndinali nditaiwala kuyera kwake. M'maloto anga imakhala yotuwa. Koma dzuwa linali likungotuluka, ndipo inali yofiirira pamwamba ngati mkate, pansi poyera ngati mkaka wosefukira. Nagi, wa mafiriji uja, anangoti kukamwa yasa. Widad analira. Pa nkhuku tinapeza galimoto ina, alendo ataima pamzere, aliyense akujambulitsa atatambasula manja ngati wanyamula mwalawo. Nkhukuyo yawonda khosi, siikhalitsa.

Gaber anati galimoto siloledwa kuchoka pa njira yoikidwa miyala m'mbali, alonda a paki angamulande chilolezo. Ndinati ngamila sinafunepo chilolezo, tiyeni pansi. Ndinatsogola ndi ndodo. Sindinayang'ane miyala, miyala imasintha. Ndinayang'ana phiri lakuda lija la mapewa awiri, ndi kuliika kuseri kwa khutu lakumanja monga ankatiuzira bambo. Nagi ankapuma ngati bulu wokwera chitunda. Gaber ankayang'ana kamakina kake n'kumati, "Bambo, kuno kulibe kanthu." Ndinati, "Tseka pakamwa, ukumeza mchenga." Tinazungulira chulu cha njereza, ndipo inali apo, itagwada monga ndinaisiyira. Mlomo wapansi unagwa, linunda laphwa pang'ono. Koma ndi iyo. Sindinaphonye ndi phazi limodzi lomwe.

Gaber anavula chipewa. Amenewo ndiwo mawu abwino kuposa onse amene wanenapo chikwatirire mwana wanga.

Ndinawasiya ataima pamenepo. Ndinapita pamalo pathu, kumchira, ndi kukhala pansi pamene tinkaswali. Dzuwa linkandilasa m'maso. Ndinamva Widad akuitana kuseri kwa mwala.

"Bambo aakulu, mukudziwotcheranji? Bwerani kuno kumthunzi."

Ndinati, "Mthunzi uli kuno."

"Kumeneko kuli dzuwa lokhalokha. Mthunzi uli kuno kukhosi."

Ndinayang'ana pansi pamene ndinakhala. Panalibe mthunzi. Shaban, ine mwala umenewu ndinaufika kambirimbiri, koma m'mawa ndinali ndisanauonepo. Bambo sanatifikitsepo m'mawa.

Ndinadzuka, ndinazungulira. Mwana wako anali atakhala pansi pa khosi, mthunzi utatambalala kolowera dzuwa ngati mkeka. Ndinati, "Tulutsa kalata ija." Anawerenga. Atafika pamene unati dzuwa linali litangokwera ngati kutalika kwa mkondo, ndinati, "Bwereza pamenepo." Anandiyang'ana modabwa, akuti nawenso unanena mawu omwewo. Anabwereza. Ndinati, "Suntha."

Gaber anati, "Bambo, muno saloleza kukumba."

Ndinati, "Sindikukumba mwala wa boma. Ndikusuntha mchenga umene mphepo idzausuntha mawa."

Anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana kumwamba. Anati, "Ine ndikuona mbalame."

Mchenga wawonjezeka, sunalinso wa m'chigongono. Nagi anagwada kundithandiza, ndipo ndamukhululukira mafiriji ake. Tinayamba pafupi ndi mwala, palibe. Tinasunthira kumanzere, palibe. Mtima unayamba kubwerera m'malo mwake, ndinati ndimanena ine. Kenaka chala changa chinagunda chinthu chosalala. Ndinapukuta. Khosi la mtsuko. Ulusi wa kanjedza udakalipo, dongo lako lidakalipo, lomatidwa moipa monga unkamatira chilichonse. Ndinapapasa m'munsi mwake ndipo zala zanga zitatu zinalowa m'zala za amayi.

Sindikuuza zimene ndinachita pamenepo. Widad akafuna akuuze, koma akawonjezera.

Tsopano tamvera, chitsiru iwe. Ndani amakwirira madzi mumthunzi wa m'mawa? Mthunzi wa m'mawa ndi mlendo, pofika masana wapita, mchenga umatentha ngati chiwaya. Bambo ankakwirira kumchira chifukwa ndiko kumakhala mthunzi dzuwa likakalipa. Unayenda nawo maulendo asanu ndi limodzi, sunafunse? Unkangodya zipatso za kanjedza?

Ndanena zako. Zanga ndi izi. Nditaukwiriranso mtsukowo, ndinawerenga mapazi kuchokera kumchira kufika kukhosi. Khumi ndi awiri. Tsiku lija ndinakumba mpaka zikhadabo kuzuka, koma sindinayende mapazi khumi ndi awiri, chifukwa ndinkadziwa. Ndinkadziwa pamene bambo amakwirira, ndipo nditapeza palibe, ndinadziwanso kuti mng'ono wanga wandipha. Hamama anagwada pafupi ndi madzi amenewo. Iwe unanditumizira mtsuko wabwino kuposa yonse, ine ndinakulipira chibakera. Dzanja lake ndi lomweli likulembali.

Dzulo linali Lachisanu. Anthu akutuluka mu mzikiti ndinaima pakhomo, pamene ndinkafuna kuti udzaime iwe. Ndinati, "Ine Mahrus mwala sindinauphonye, mboni ndi Gaber. Ndipo Shaban mng'ono wanga sananame, mboni ndine." Achinyamata ankafunsana kuti Shaban ndi ndani. Mwa amuna amene analipo pa ukwati wa Sabah atsala awiri, ndipo mmodzi samva. Winayo, Khalaf wopanda mano uja, anati, "Tsono tizikutchula ndani? Takalamba, sitingaphunzire dzina lina." Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Dzinalo mwina ndifa nalo. Koma lapepuka, lili ngati thumba lopanda kanthu.

Nagi ankafuna tiutulutse mtsukowo, aujambule, akuonetse diso likapola. Ndinakana. Ndaukwirira momwe unaliri, ndipo sindinautsegule. Ndikudziwa kuti ndi wouma, sindine mwana. Koma si ntchito ya Nagi, si ya Gaber, si yanganso.

Uwauze adokotalawo apukute bwino disolo. Ukachira ukwere basi, Epulo asanathe, mphepo yotentha isanayambe. Hoda wasunga nkhunda zinayi. Gaber adzatifikitsa pothera njira, kuchokera apo ndidzakutsogolera, ugwire mpango wangawu ngati sukuona bwino. Tidzanyamuka masana kuti tikafike dzuwa litapendeka, uone pamene anthu anzeru amakwirira.

Chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi, ndipo pa ichi sindisintha. Ndinakutuma madzi, sindinawalandire. Ubwere, ufukule mtsukowo ndi manja ako, tiudzaze, undipatse m'manja mwanga ndimwe.

Mkulu wako,
Mahrus